Chipika cha Bwemba ku Wembley

Ntchito ya keya ndaigwira zaka zambiri muno mu London, ndipo nyumba zimene ndalowamo zambiri ndinaziiwala. Umalowa, kusambitsa munthu, kumumwetsa mankhwala, kumutenthetsera chakudya, kenako n'kuthamangira basi. Nkhope zimasakanikirana m'mutu. Koma nyumba ina ya ku Wembley ndimaikumbukira bwino, chifukwa tsiku loyamba lenilenilo ndinakalipiridwa pa nkhani ya chipika.

Masiku amenewo ndinkakhala ku Edmonton, m'kachipinda ka pamwamba pa shopu ya nyama. Ejensi inanditumiza kwa bambo wina wachikulire, mmwenye, amene anadwala sitiroko n'kufa mbali yonse ya kumanzere. Ankakhala ndi mwana wawo wamkazi, mayi wa msinkhu wangawu, wogwira ntchito mu famase. Banja lake linali litatha kale, ana ake atakula n'kuchoka, ndiye m'nyumbamo munali awiriwo basi.

Ine ndinakulira ku Chikwawa ndikudziwa kuti mmwenye ndi munthu wa sitolo, woima kuseri kwa kauntala ku Limbe akuyeza nsalu. Zoti kulinso amwenye akumudzi, a zidendene zong'ambika ngati za malemu bambo anga, sindinkazidziwa. Awa anali otero. Akuda kuposa ine, owonda, mapewa otambalala ngakhale mnofu unali utatha. Dzanja lawo lamanja, lomwe linkagwirabe ntchito, linalibe zala ziwiri zapakati. Ndinkawaitana kuti madala. Anandifunsa kamodzi tanthauzo lake, nditawauza anagwedeza mutu, ndipo zinakhazikika choncho.

Zitseko zina za nyumba za kuno zimadzitseka zokha. Cha kuchipinda kwawo ndiye chinali ndi mphamvu ngati chili ndi mangawa ndi munthu. Ine ndikufuna kuwatulutsa pa chikuku kupita kubafa, chitseko chikundimenya m'chiuno. Ndiyang'ane pakona, ndikuona chipika cha mtengo, kutalika kwake ngati mkono, chokhuthala mbali imodzi n'kumapyapyala mpaka kunsonga, chili ndi kachigwiriro kumbuyo. Aliyense akanaganiza zomwe ndinaganiza ine. Ndinachitenga, kuchiika pansi pa chitseko, n'kuchikankha ndi phazi kuti chilowe bwino.

Mawu amene anatuluka mwa madalawo sindinkayembekezera kuti angatuluke m'chifuwa chowonda chonchija. Mwana wawo, amene anali atavala kale jekete kuti azipita kuntchito, anabwera chothamanga. Iye sanandikalipire. Anawerama, kuzula chipikacho ndi manja awiri, kuchipukuta ndi mpango wake, kuchikhudza n'kudzikhudza m'maso, monga amachitira iwo chinthu cholemekezeka chikapondedwa. Anachibwezera pakona paja. Apa m'pamene ndinaona kuti pansi pake panali poyala kansalu kofiira.

"Ndi chinthu chawo cha kumudzi," anatero, mwa munthu wotopa nayo nkhaniyo. "Musamachigunde ndi phazi. Kwinako chitani zimene mwadzera."

Ndinapepesa, ngakhale mumtima ndinkati, abale, chinthu chopatulika n'kumachisiya pansi pafupi ndi chitseko chovuta chonchi, mukufuna mlendo atani? Tsiku limenelo madala sanandiyang'anenso. Ndikuwasambitsa ankayang'ana khoma. Ine ndinangogwira ntchito yanga, chitseko ndikuchitchinga ndi chiuno.

Mkwiyowo unathetsedwa ndi bwemba. Tsiku lina ndikusesa, ndinachinyamula chipikacho ndi manja awiri monga ndinaonera, ndipo kulemera kwake ndi kudera kwa mtima wa mtengowo zinandikumbutsa misi ya kwathu. Dzina la mtengowo m'Chizungu linandithawa, ndiye ndinapita kukhitchini, kutenga paketi ya bwemba amene mwana wawo ankathira mu ndiwo, n'kuwaonetsa, dzanja lina likuloza chipika. Madala anaseka ndi theka la kamwa. Kuyambira pamenepo anayamba kundilankhula, ndipo sanasiyenso.

Chizungu chawo chinali chochepa, lilime lolemera chifukwa cha matenda. Zambiri ankafotokoza ndi dzanja la zala zitatu lija pa thireyi ya chakudya: kapu ndi kachisi, mbale ndi ngolo, supuni ndi chipika. Zimene ndikunena panozi ndinazitola pang'onopang'ono, pakati pa phala la m'mawa ndi mankhwala.

Mudzi wawo uli kum'mwera kwa India, patsinde pa phiri la miyala, kutali ndi msewu wa phula. Chaka chonse ndi mudzi wogona: minda ya mtedza, mbuzi, fumbi, ndi kachisi wamkulu pakati, wosagwirizana ndi kuchepa kwa mudziwo. Misewu inayi yotakata imazungulira kachisiyo, yopanda ntchito, anthu amangoyanikamo tsabola. Koma zokolola zikalowa, dzuwa litafika poswa mtengo, pakachisi amakweza mbendera. Mbenderayo ikakwera, munthu wa m'mudzimo sagona kunja kwa mudzi mpaka itatsika, kaya kuli malonda kwina, kaya ukwati wa m'bale. Kenako alendo amayamba kufika. Amachokera kutali wapansi, opanda nsapato, atavala zachikasu, kudzakwaniritsa zimene analonjeza mulungu wa pamenepo pamene mwana ankadwala kapena mvula itakana. Wina amameta tsitsi lonse n'kulisiya pakachisi. Wina amasenza mtsuko wa mkaka kukwera nawo phiri. Azimayi amaphika mpunga wotsekemera m'miphika yatsopano yadothi panja pomwepo, pa mafuwa atatu ngati kwathu. Khonde lililonse limasanduka chigono cha alendo, ndipo mwininyumba sangamane munthu madzi ngakhale chitsime chili pafupi kuuma.

Banja lililonse la m'mudzimo lili ndi ntchito yake pa chikondwererocho, yosiyirana kuchokera kwa makolo. Ena ndi oimba ng'oma, ena opota chingwe, ena otunga maluwa. Tsiku lalikulu amatulutsa fano la mulunguyo, kuliveka maluwa, n'kulikweza pa ngolo kuti azungulire misewu inayi ija akaone anthu ake. Ngoloyo si ya ng'ombe ayi. Ndi chimphona cha matabwa osemedwa, chachitali kuposa nyumba yosanja, magudumu ake a mtengo okhaokha, aatali kuposa munthu. Imakokedwa ndi anthu, namtindi, ndi zingwe zonenepa ngati ntchafu, wolemera ndi wosauka atagwira chingwe chimodzi.

Ndiye ngolo imeneyo ilibe chiwongolero, ilibenso mabuleki. Magudumu ake amangodziwa kupita kutsogolo. Ndinawafunsa kuti nanga pakona imakhota bwanji, ndipo madala anadziloza pachifuwa. Banja lawo ndilo la zipika. Amuna a m'banjamo amayenda chowerama pambali pa gudumu lakutsogolo, ngolo ili mkati moyenda, n'kumaponya chipika pansi pake mopendeketsa. Gudumu likakwera pa chipikacho limaterereka pang'ono cham'mbali. Kuponya china, kutererekanso. Choncho choncho mpaka chimphona chija chakhota. Ukachedwa, ngolo ikalowa m'nyumba ya munthu. Ukagwira molakwika, ndiye zala zija. Zawo zinatsala pakona yachitatu chaka china mvula itagwa mosayembekezeka, ndipo ankanyadira kuti anamanga dzanjalo ndi nsalu n'kumaliza kona yachinayi asanapite kuchipatala.

Ine zinandikumbutsa makondakitala a minibasi zakale za kwathu, odumpha ndi mwala m'manja pokwera zitunda zopita ku Blantyre kuti akatchinge tayala galimoto isabwerere. Ndinawauza, koma sanakondwere nako kufanizirako.

Zipikazo sizikhalitsa. Gudumu limazitafuna, pofika madzulo zonse zimakhala zitaphwanyika, ndipo alendo amatola zidutswa kupita nazo kwawo ngati madalitso. Chaka chilichonse amasema zatsopano kuchokera ku mitengo ya bwemba ya pa malo a kachisi, ndipo wosemayo amasala nyama n'kumagona yekha mpaka ntchito ithe. Mtengo ukadulidwa m'dzina la mulunguyo, ndiye kuti ndi wake. Chipika chiyenera kulumidwa ndi gudumu. Chikapanda kutero, wosemayo wasunga chinthu cha mwini.

Cha pakona chija chinali chosalumidwa. Chaka chimene anachisema, akazi awo anamwalira chikondwerero chitayandikira, ndipo pa mwambo wawo wofedwa sayandikira ngolo mpaka chaka chithe. Mwana wamwamuna analibe, ndiye ntchito inapita kwa ana a mng'ono wawo. Mwana wawo wamkazi uja anapita kukalira maliro, n'kubwera nawo kuti adzapume kuno miyezi ingapo. Zipika zina anazisiya kwa mng'ono wawo, koma choyamba kusema, chimene mwini wake amaponya yekha pakona yoyamba, anachilongedza m'sutikesi pakati pa malaya. Ankati akabwerera nacho. Miyezi ingapo ija inasanduka zaka, monga zimakhalira kuno. Inenso ndinauza mayi anga kuti ndikungopita zaka ziwiri.

Nkhani ya mwana wamwamunayi ankaibwereza mpaka inanditopetsa. Tsiku lina Loweruka, mwana wawo ali kukhitchini akuwaphikira msuzi wawo wa nyemba, chitseko chili chotsekula, anandifunsa ngati ndili ndi ana. Ndinati ndili ndi atsikana awiri. Anapukusa mutu mondimvera chisoni, n'kunena kuti ndiye tili chimodzimodzi, tonse tilibe wosiyira. Kukhitchini kuja chikombe chinasiya kulira mu poto, kenako chinayambanso.

Ine pakamwa panga sipachedwa. Ndinati, "Madala, amene amadzuka kukutembenuzani ine kulibe ndani? Ana a mng'ono wanuwo anayamba aimbako foni?" Anandiyang'ana ngati ndalankhula zopanda mutu. Anati imeneyo ndi nkhani ina, mwana wawo ndi wabwino, koma mkazi sagwira ntchito ya zipika. Amakoka chingwe, amaphika, amatunga maluwa, koma ku gudumu safika. Ndinangokumbuka kuti ukayenda umasiya phazi osati mlomo, n'kupitiriza kuwadula zikhadabo.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti ngolo yoteroyo iliko konkuno. A kachisi wina wa anthu a chilankhulo chawo, kuchigawo chomwecho cha London, amaitulutsa chaka chilichonse m'chilimwe, a khonsolo n'kutseka misewu. Ndinafunsa mwana wawo kuti bwanji sanawapititse kumeneko kale lonse. Anaseka, koma osati mokondwa.

"Ndinawapititsa chaka choyamba, akuyenda okha, chipika chili m'jumbo," anatero. "Atangoona kuti ngolo yake ili ndi matayala a rabara ndi chiwongolero, anati iyi ndi lole yovala sari. Anabwerera nacho. Chaka chilichonse ndikawauza, yankho ndi lomwelo."

Koma tsopano zinthu zinali zitasintha. Adokotala anali atanena kuti za ulendo wa pandege aiwale. Ndiponso m'miyezi imene ndinali nawo anagwa kawiri pofuna kudzuka okha, ndipo mwana wawo anali atawapezera malo kunyumba yosungirako okalamba, kuti akalowe chilimwe chikatha. Madala ankazidziwa zonsezi. M'mawa wina ndikuwapesa tsitsi ananena, osandiyang'ana, kuti chaka chino akufuna akaione lole ija. Anati sakufuna kukafika kumene akupita atanyamula chinthu cha mwini. Ndinadziwa kuti sakunena za nyumba ya okalamba.

Mwana wawo anapempha ejensi kuti ndidzawathandize Lamulungu limenelo, popeza yekha sakanatha kuwakweza ndi kuwatsitsa m'galimoto. Ine Lamulungu ndimapemphera ku Tottenham. Mnzanga wina wa ku Chipata amene timaimba naye kwaya atamva anandigwira mkono. "Imwe, muyenda ku vamafano pa Sande? Muzabwela na vinthu kumbuyo." Ndinamuuza kuti ine ndikukakankha chikuku, osati kukagwada, ndipo shifiti ndi shifiti. Komabe m'mawa wa tsikulo ndinapemphera motalikirapo, poti munthu sudziwa.

Sabata yonseyo madala anali atakana mazira ndi nsomba. Tinawaveka nsalu yoyera ya m'chiuno, koma malaya anakana, ati ku ngolo mwamuna amapita chifuwa chili pamtunda. Kunja kunali kamphepo, ndiye tinakangana mpaka tinagwirizana pa thaulo la paphewa. Mwana wawo anatsika atavala sari, nsalu yaitali ija ya akazi achimwenye, yobiriwira ya silika. Ndinali ndisanamuonepo atavala choncho, masiku onse anali wa thalauza ndi nsapato zothamangira. Chipika chinali pamiyendo pa madala, chokulungidwa m'kansalu kofiira kaja.

Galimoto tinaisiya kutali. Msewu unali utadzaza, popanda poponda. Nsapato zinali milumilu m'mbali mwa mipanda, anthu akuyenda pa phula ndi mapazi okha. Ine zanga sindinavule, mpaka mayi wina anandiyang'ana kumapazi mwa njira yoti ndinamva, ndipo ndinazivula n'kuziika m'thumba la kuseri kwa chikuku. Ng'oma zinkalira pamodzi ndi zitoliro zazitali zoboola m'khutu. Kunkanunkhira lubani ndi maluwa. Amuna ankaswa kokonati pa msewu, milu yathunthu, madzi ake kuyenderera mpaka m'ngalande, zigoba zake n'kumakola magudumu a chikuku. Azimayi ankadutsa pamzere atasenza mitsuko ya mkuwa, ena maso atatsinzina, abale awo atawagwira m'zigongono. Eni nyumba za m'mbali ankasuzumira m'mawindo ndi makapu a tiyi m'manja. Apolisi awiri anali ataima pakona akudya nthochi zimene anapatsidwa.

Ngolo inatulukira pakona pomwepo. Kwa ine inali yaikulu ndithu, yofiira ndi yagolide, mabelu ali lendelende, wansembe ataima m'mwamba pambali pa fano lokwiririka ndi maluwa. Zingwe zinali ziwiri, amuna mbali ina, akazi mbali ina. Ndinayang'ana pansi pake. Matayala a rabara analipodi, ndipo kuseri kwa nsalu kunali bambo atakhala pa kampando atagwira chiwongolero. Pakona paja inangokhota bwinobwino popanda wowerama. Madala anatulutsa kamawu ka m'mphuno.

Ngoloyo inkayenda pang'ono n'kuima, kuti anthu apereke mbale za zipatso ndi maluwa. Itaima pafupi nafe, ndinakankha chikuku mpaka pa kachingwe kotchingira anthu. Pamenepo panali bambo wa jekete lachikasu lowala, mmodzi wa osungitsa bata, waimvi pang'ono, waulemu wake. Mwana wa madala anamufotokozera m'chilankhulo chawo. Bamboyo anamvetsera, anakhudza chipika n'kudzikhudza m'maso, kenako anayankha m'Chizungu, mwina kuti nanenso ndimve. Anati za zipikazo anamvapo kwa makolo ake, koma kuno palibe wololedwa kuyandikira matayala. Ndi zimene anagwirizana ndi a khonsolo, ndipo wina akavulala chaka chamawa sadzawapatsanso msewu. Anati chimene angathe ndi kuchipereka kwa wansembe kuti achidalitse.

Madala anakana. Chipika sachidalitsa, chimalumidwa. Anatambasula dzanja kumupatsa bamboyo kuti akaponye iyeyo, munthu amene anali asanamuonepo chibadwire, bola ndi mwamuna. Bamboyo anabweza manja kumbuyo, kupepesa, n'kusunthira kwina kumene anthu ankakankhana. Ine sindinamuone kulakwa. Nanenso ndili ndi malamulo a ntchito yanga, ndipo limodzi ndi lakuti munthu wa sitiroko sumulola kuwerama ali pa chikuku.

Ndiye n'zimene anachita. Ng'oma zitasintha kaliridwe kusonyeza kuti ngolo inyamuka, madala anavundukula kansalu, kugwira kachigwiriro ndi zala zitatu zija, n'kudziponya kutsogolo. Lamba wa chikuku anawagwira pamimba, ine ndinawagwira phewa. Chipika chinapulumuka n'kugwera m'madzi a kokonati, kutali ndi tayala. Anakhala akuchiyang'ana chili pamenepo, dzanja lili lende. Ndinawamvera chisoni, chisoni chenicheni, ndipo pa ntchito yathuyi sichibwera kawirikawiri.

Mwana wawo anachitola. Madala anamuuza liwu limodzi lalifupi, ndipo ngakhale chilankhulocho sindichidziwa ndinamva kuti akumuletsa. Iye anawayang'ana, n'kuyang'ana ngolo. Kenako anandipatsa chikwama chake, anakwinda sari monga timakwindira chitenje popita kudimba, n'kudutsa pansi pa kachingwe kaja.

Ngolo inali itayamba kuyenda. Iye sanathamange. Anayenda chowerama pambali pa tayala lakutsogolo, mapazi ake akugwirizana ndi liwiro lake, kenako anaponya chipika mopendeketsa n'kubweza dzanja msanga. Tayala linakwera. Ngolo yonse inapendekeka pang'ono, mabelu onse analira nthawi imodzi, wansembe anagwira mzati. Kenako tayala linatsika, gu, ndipo lakumbuyo lisanafike iye anali atachizula kale chipika chija. Ngolo inapitirira. Ambiri mwa okoka chingwe sanadziwe n'komwe kuti pachitika kanthu.

Bambo wa jekete uja anabwera nkhope itasintha, ndipo anamulankhula mawu ambiri. Iye anangogwedeza mutu, kupepesa, n'kubwerera kwa ife, sari itanyowa m'munsi, akupuma mofulumira. Anaika chipika pamiyendo pa bambo ake.

Madala anachitembenuza. Anayendetsa chala chachikulu pamwamba pake kufunafuna pamene palumidwa. Panalibe. Rabara saluma bwemba. Panali chidindo chakuda cha tayala ndi tizidutswa ta kokonati, basi. Anapala chidindocho ndi chikhadabo, sichinachoke. Ine mtima unali m'mwamba. Ndinkati zaka zonsezi, mwana wakalipiridwa pagulu, ndiye munthuyu anene kuti sizinawerengedwe. Gulu linkatidutsa mbali zonse kutsatira ngolo. Kenako analankhula, osati mwachidule ngati poyamba, koma mawu angapo, modekha, akuonetsa ndi dzanja lawo pa kachigwiriro. Mwana wawo anayankha liwu limodzi, n'kutembenuka kuyang'ana kumpanda.

Tinadya mpunga ndi ndiwo zamasamba zimene ankagawira aliyense, ine ndikuwadyetsa madala, amene anadya kuposa masiku onse. Pobwerera anagona m'galimoto tisanafike n'komwe pa msewu waukulu, dzanja lili pa chipika.

Tili pa maloboti ena ndinafunsa mwana wawo kuti kuponya kuja anakuphunzira kuti. Anati asanakwatiwe, chaka ndi chaka, ndiye ankawatsatira bambo ake ndi mtsuko wa madzi akumwa kuzungulira misewu inayi ija. Ana a mng'ono wa bambo ake ankaphunzitsidwa pabwalo la nyumba ndi gudumu lakale la ngolo ya ng'ombe, iye ali pakhonde akupeta mpunga. Palibe anamuuzapo kanthu. Ankangoona.

"Nanga paja anati chiyani?" ndinafunsa. "Chawerengedwa?"

Maloboti anasintha, wakumbuyo analiza hutala.

"Za zimenezo sananene," anatero. "Anati ndinagwira molakwika. Chala chachikulu chizikhala pamwamba, osati pansi, ndipo ndiziponya ndikutulutsa mpweya. Anati chaka chamawa ndidzagwire bwino."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya sari n'kuyendetsa galimoto. Titapita patsogolo pang'ono anawonjezera, maso ali pa msewu, kuti mawuwo ndi omwewo amene bambo ake ankawauza anyamata aja pabwalo.

Madala analowa kunyumba ya okalamba masamba atayamba kugwa, ndipo shifiti yanga ya ku Wembley inathera pomwepo. Tsiku lomaliza, ndikulongedza zovala zawo, ndinafunsa ngati chipika chilowe m'sutikesi. Anakana ndi dzanja. Anati si chawonso, n'kuloza m'mwamba, kuchipinda kwa mwana wawo. Ndinachinyamula ndi manja awiri pamodzi ndi kansalu kake kukachisiya kumeneko, chitseko ndikuchitchinga ndi chiuno.